Wakuba amene ndimam'patsa ndekha makiyi

Uthenga wake unafika usiku, ndipo ndisaname, unandisangalatsa. Munthuyo ankafuna kalavani yathu kwa milungu itatu yathunthu, pa nyengo imene imangokhala pabwalo matayala akuphwa okha. Sananenerere mtengo. Sanafunse ngati filiji imazizira bwino, kapena ngati bedi lakumbuyo lingakwane munthu wamtali, mafunso amene aliyense wofuna kugona m'galimoto sawaiwala. Anangolemba kuti: "Bambo, galimoto yanu ndaikonda. Koma tisadyetse ndalama kampani ya pakatiyi. Ndipatseni nambala yanu tikambirane patokha, ndikulipirani zonse lero lomwe."

Ndinawawerengera mayi a kunyumba uthengawo ndikumwetulira, ndikuwerengetsa kale mumtima zimene ndalamazo zigwire. Iwo sanamwetulire. Anati, "Abambo inu, munthu amene sanafunse n'komwe ngati chimbudzi chimagwira ntchito, akufuna kugonamo kapena kuigulitsa?"

Ndinamuyankha munthuyo kuti zonse tizichitira pa tsamba lomwelo pamene anatipeza. Sanayankhenso. Patapita masiku awiri dzina lake linali litafufutidwa.

Kwa amene sanailowepo, galimoto imene ndikunenayi ndi nyumba yoyenda. Kutsogolo kuli injini ndi chiwongolero, kumbuyo kuli bedi, sitovu ya gasi, sinki, thanki ya madzi, kachimbudzi, mabatire ndi sola padenga. Ena amaitchula motorhome, ena campervan, ku America amangoti RV. Ine ndimangoti kalavani, ngakhale akatswiri angandikonze kuti kalavani yeniyeni ndi yokokedwa. Tinaigula ndi ngongole, ndipo titaona kuti pa chaka timaiyendetsa milungu yowerengeka chabe, tinaganiza zoti izidzilipirira yokha pa hayala. Ganizo limeneli si lathu tokha. Makampani olumikiza eni makalavani ndi ofuna kubwereka anabadwa motsatizana: Yescapa ku France mu 2012, RVshare ku America mu 2013, Outdoorsy ya ku America ndi Camplify ya ku Australia cha m'ma 2015. Onsewa amagulitsa chinthu chimodzi, choti munthu amene sunamuonepo n'kale lonse umupatse nyumba yako ndi galimoto yako nthawi imodzi, n'kumubayibitsa akutuluka pageti.

Chimene chinandithetsa mawu sichinali uthenga uja. Chinali chimene ndinapeza kutacha, nditatulutsa mapepala a inshulansi amene chigulire ndinali ndisanawawerenge kupitirira tsamba loyamba. Munali ndime ziwiri. Yoyamba inkati galimoto ikangolowa pa hayala, inshulansi yanga ya munthu wamba yathera pomwepo. Imeneyo ndinkaiganizirako. Yachiwiri ndi imene eni makalavani ambiri saidziwa mpaka tsiku lolira: ngati mwini wapereka yekha galimoto m'manja mwa munthu, ngakhale munthuyo atachita kumunamiza, kampani ya inshulansi siiwerengera ngati yabedwa. M'mapepala achingelezi amalemba kuti voluntary parting, kutanthauza kuti chinthucho unasiyana nacho mwa kufuna kwako. Mbava yothyola windo usiku, amakulipira. Kathyali wovala bwino amene unam'gwira chanza n'kumusonyeza poyatsira gasi, ayi. Si inshulansi iliyonse imene ili ndi ndime imeneyi, koma zambiri zili nayo, ndipo imakhala mkatikati, m'zilembo zing'onozing'ono.

Ndinakhala pansi n'kuganiza za maloko amene ndinagula. Loko wa chiwongolero, loko wa tayala, alamu yolira ngati mwana wanjala. Zonsezo ndinagulira wakuba amene amabwera usiku. Wakuba wa pa hayala amabwera masana, amabwera ndi nthawi yake, ndipo makiyi a maloko onsewo ndimam'patsa ndine, ndikumufunira ulendo wabwino.

Apolisi nawonso sathamanga pa nkhani yotereyi, ndipo sindingawanene kwambiri. M'madera ambiri ukapita kukadandaula amayamba akufunsa ngati tsiku lobweza ladutsa. Ngati silinadutse, munthuyo ali ndi galimoto mwalamulo, chifukwa unasaina wekha. Ngakhale litadutsa, ena amakuuza kuti ndi nkhani ya mgwirizano wa anthu awiri, uyambe wam'lembera kalata yomulamula kubweza. Tsono taganizani za milungu itatu ija. Munthu wobwereka kwa milungu itatu wagula milungu itatu yoti wina aliyense asamufunefune. Ku Ulaya, kumene malire a mayiko ambiri amadutsika popanda woimitsa, galimoto ingathe kuwoloka mayiko atatu tsiku limodzi. Pofika tsiku lobweza, imakhala itasinthidwa nambala, itagulitsidwa ndi mapepala abodza kwa munthu wosalakwa, kapena itaphwasulidwa n'kugulitsidwa zidutswazidutswa.

Ndiye chifukwa chake pempho loti "tichitire patokha" ndimaliona ngati belu. Sindikuti aliyense wopempha zimenezi ndi wakuba. Ambiri amangofuna kupulumutsa kandalama, ndipo nanenso kandalama kamene kampani imadula kamandipweteka. Koma ndalama imeneyo ndi imene imagula inshulansi ya pa hayala, kufufuza laisensi ya woyendetsa, kusunga chikole, ndiponso mboni yachitatu imene ili ndi mauthenga onse pakabuka mlandu. Ukachoka pa tsambalo kupita pa WhatsApp, zonsezo wazisiya m'mbuyo. Wachilungamo ukam'kanira amang'ung'udza pang'ono n'kulipira. Wachinyengo amasowa. Ndiye kukana kokhako ndi sefa yotchipa kwambiri imene ndili nayo.

Komabe musamagone tulo chifukwa choti kampani yalemba kuti munthuyo "watsimikizidwa". Chimene yatsimikiza n'chakuti laisensi ndi yeniyeni ndipo khadi la kubanki likugwira ntchito. Sinatsimikize kuti munthu amene waima pakhomo pako ndi mwini laisensiyo. Ziphaso zimabedwa, maakaunti a anthu abwinobwino okhala ndi mbiri yabwino amalandidwa ndi akathyali, ndipo mbali yomalizayo, yoyang'ana nkhope, palibe kompyuta imene ingakuchitire. Ine ndimafuna laisensi yeniyeni m'manja, osati chithunzi cha pafoni, osati fotokope. Ndimaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, tsiku lothera, chithunzi, kenako nkhope. Ndimafunanso chiphaso china chachiwiri, ndi khadi lomwe analipirira, dzina likhale limodzi ponseponse. Ndimayang'ananso gulu la laisensi, chifukwa makalavani ena ndi olemera: ku Ulaya laisensi wamba ya gulu B imalekezera pa makilogalamu 3,500, kupitirira apo pamafunika ya C1. Ku Britain woyendetsa angathe kutenga kanambala ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi, kokulola kuona mbiri ya laisensi yake pa intaneti, ndipo kamagwira ntchito masiku 21. Kumene kuli njira yotereyi, igwiritseni ntchito.

Poyamba zinkandichititsa manyazi. Munthu wamkulu, wa imvi zake, ndimuuze kuti, "Pepani bambo, tavulani chipewa ndikuoneni bwino"? Koma ndinazindikira kuti manyazi anga ndiwo khasu limene kathyali amalimira. Amadziwa kuti anthu ambiri angalole kutaya galimoto kusiyana n'kuoneka amwano kwa mphindi imodzi. N'chifukwa chake amabwera mothamanga, injini ya galimoto yom'bweretsa ikulira panja, akuti ana akudikira, kunja kukuda. Kufulumizitsa ndi chida. Ndikaona munthu akundithamangitsa, m'pamene ndimayenda pang'onopang'ono ngati nkhono.

Panali tsiku lina limene ndinatsala pang'ono kugonja. Amene anasungitsa malo anali mayi, koma amene anafika anali mnyamata waulemu kwambiri, akuti ndi mlongo wawo. Anati achemwali ake atanganidwa kuntchito, amutuma adzatenge galimoto akakumane nawo madzulo. Anandisonyeza chithunzi cha laisensi yawo, anandisonyeza mauthenga awo, anadziwa masiku onse ndi mtengo womwe. Ndinati tiwaimbire pa vidiyo. Anati ali pamsonkhano. Ndinati palibe vuto, tidikira, mpando uwu. Anakhala mphindi ngati 20 akuseweretsa foni, kenako anati akukagula madzi akubwera. Mpaka lero akubwerabe. Madzulo ake kampani inandiuza kuti mwini akauntiyo sankadziwa n'komwe za ulendowo. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi louma: makiyi amapita m'dzanja la munthu amene dzina lake lili pa mgwirizano, basi. Woyendetsa wachiwiri alembedwe ndipo aonetse laisensi yake. Mlongo, mnzawo, dalaivala wa bwana, onsewo ndimawalandira bwino koma makiyi sawakhudza.

Za ndalama ndiye nkhani ina yaitali. Chinyengo chakale kwambiri, chimene chikadali ndi moyo chifukwa chikugwirabe anthu, ndi cha kulipira mopitirira. Munthu amakutumizira cheke cha ndalama zoposa zimene munagwirizana, n'kupepesa kuti wolemba analakwitsa, kapena kuti zapamwambazo upatse "dalaivala wodzatenga galimoto". Iwe ukapita kubanki, ndalama zimaoneka mu akaunti, mtima n'kukhala pansi, n'kubweza zapamwambazo. Chimene anthu sadziwa n'chakuti ndalama kuoneka mu akaunti sikutanthauza kuti chekecho chavomerezedwa. Banki ingathe kuzindikira patapita masiku kapena milungu kuti n'chabodza, n'kuchotsa zonse. Zimene unabwezazo zinali zako zenizeni, ndipo unazitumiza pa njira imene sibwezeka. Mlongo wake wa chinyengo chimenechi ndi chithunzi cha risiti, chooneka bwino, chokhala ndi chizindikiro cha banki, chonena kuti ndalama zatumizidwa. Chithunzi si ndalama. Mwana wasukulu wodziwa kompyuta angachipange asanamalize kumwa madzi. Ndimatsegula ndekha akaunti yanga, osati kudzera pa linki imene wanditumizira.

Ndatchula linki, ndiye ndidutsireko. Kawirikawiri ndimalandira uthenga wooneka ngati wochokera kukampani, wonena kuti pali wofuna kubwereka, ndidine apa nditsimikize, kapena kuti malipiro anga aimitsidwa mpaka nditalowetsanso pasiwedi. Akufuna akaunti yanga, kuti asinthe kumene ndalama zimapita, kapena kuti anamize anthu ena ndi dzina langa labwino. Sindidina. Ndimatsegula pulogalamu yeniyeni pafoni, ngati uthengawo mulibe m'menemo ndiye kuti kulibe. Ndinayatsanso njira yotsimikizira kawiri, ija yotumiza kanambala kufoni.

Chimene chinandiluma ine mwini ndi china, ndipo pamenepo ndinalibe wakuba woti ndimuloze chala mosavuta. Banja lina linabwereka kalavani, linayenda, linabwera likusangalala, tinatsanzikana bwinobwino. Patapita miyezi iwiri ndinauzidwa kuti mwini khadi wakadandaula kubanki yake kuti malipirowo sakuwadziwa, ndipo ndalama zabwezedwa. Amene amalandira ndalama za pakhadi amazidziwa izi, amazitcha chargeback. Lamuloli linapangidwa kuti liteteze munthu amene khadi lake labedwa, ndipo ndi labwino, koma pa makhadi ngati Visa ndi Mastercard munthu amakhala ndi nthawi yaitali yodandaulira, kawirikawiri mpaka masiku 120. Pali mitundu iwiri ya anthu amene amadutsira pakhomo limeneli. Woyamba ndi wakuba amene analipira ndi khadi la munthu wina, mwini wake n'kudzaona mochedwa. Wachiwiri ndi mwini khadi weniweni amene wasangalala ndi ulendo, kenako n'kuganiza kuti ulendowo ungakome kwambiri utakhala waulere. Anga aja anali a mtundu wachiwiri. Chimene chinandipulumutsa ndi chizolowezi cha mayi a kunyumba chosunga kapepala kalikonse: mgwirizano wosainidwa, fomu ya tsiku lonyamuka ndi lobwera, mauthenga awo othokoza, ndi chithunzi cha bamboyo ataima pambali pa galimoto makiyi ali m'manja. Zinatenga milungu yambiri, koma ndalama zinabwerera. Ndikanakhala ndinachita nawo za pakamwa, ndikanangodzigwira pakamwa pomwepo.

Koma kunena zoona, kubedwa kwa galimoto yonse sikuchitika kawirikawiri. Chinyengo chimene mwini kalavani amakumana nacho nthawi zambiri ndi chaching'ono, chachete, chimene umachizindikira mwezi utatha. Galimoto imabwera yotsukidwa bwino, ikununkhira sopo, iwe n'kuthokoza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ine anandisinthira mabatire. Tinali titaika mabatire awiri a lithium, amene ndi opepuka, amasunga magetsi nthawi yaitali, ndipo mtengo wake umaposa kangapo wa mabatire wamba. Amakhala pansi pa mpando, m'bokosi lotsekedwa ndi masikuluwu anayi. Ndani amatsegula pansi pa mpando pobweza galimoto? Magetsi ankayaka, filiji inkalira, ndinasaina kuti zonse zili bwino n'kumasula chikole. Tinazindikira pa ulendo wathu ife eni, pakati pa usiku magetsi atazima. Nditatsegula bokosi ndinapeza mabatire akale a mtovu, limodzi litatupa m'mbali. Pakati pa nthawiyo anthu atatu anali atabwereka galimotoyo. Ndimuneneze uti? Ndinalibe chithunzi cha mabatirewo ngakhale chimodzi cha tsiku lonyamuka aliyense wa iwo. Ndinangomeza malovu.

Tsopano ndimajambula zinthu zimene kale ndinkaziona ngati zamisala. Nambala za mabatire, ndipo pamasikuluwu ndimadontheza utoto wa m'zikhadabo kuti akatsegulidwa ndidziwe. Matayala onse, ndi lapadera lomwe, chifukwa nawonso amasinthidwa. Pambali pa tayala pali mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena mlungu ndi chaka chimene linapangidwa: 2322 ndiye kuti mlungu wa 23 wa chaka cha 2022. Tayala lako la 2022 likabwera lili la 2016, nkhani yatha, palibe chokangana. Ndimajambula makilomita, mulingo wa mafuta, ndi kawotchi kowerenga maola a jenereta, chifukwa ena amailiza usiku wonse kenako n'kunena kuti sanaiyatse. Ndimagona pansi n'kujambula paipi ya utsi. M'menemo muli chipangizo chosefa utsi chokhala ndi zitsulo zodula, platinum, palladium ndi rhodium, ndipo popeza makalavani ndi aatali kuchoka pansi, munthu wa sowo amalowa mosavuta n'kuchidula m'mphindi zochepa. Ndimakweranso makwerero kuona denga. Madalaivala osazolowera amaiwala kutalika kwa galimoto, amakhula nthambi kapena denga la posungira magalimoto, ena n'kumata ndi tepi mwakachetechete, iwe n'kudzadziwa mvula itayamba kudontha pabedi.

Zonsezi ndimazichita munthuyo ali pomwepo, pa vidiyo imodzi yosadula, tikuyenda limodzi kuzungulira galimoto, iye akuoneka, mawu ake akumveka. Zimatenga pafupifupi ola lathunthu. Ndaona kuti vidiyoyi imagwira ntchito ngakhale isanaonetsedwe kwa wina aliyense. Munthu akaona kuti nambala ya batire yajambulidwa, maganizo ena amamuchokera okha. Imatetezanso wobwerekayo, chifukwa eni magalimoto achinyengo aliponso, amene amalipiritsa anthu asanu chibowo chimodzi chomwecho. Ndipo chikole sindimasula tsiku lomwelo. Ndimadikira kuwala kwa dzuwa, ndiyatse chilichonse, nditsegule pansi pa mpando uja.

Palinso bodza la kumene akupita. Eni makalavani a ku America amaidziwa bwino nkhani ya Burning Man, chikondwerero chimene chimachitika kumapeto kwa Ogasiti m'chipululu cha Black Rock ku Nevada. Fumbi la kumeneko ndi losalala ngati phulusa, limadya zitsulo, limalowa mu jenereta, m'makina oziziritsa mpweya ndi m'kampata kalikonse. Eni ambiri amaletsa kupita kumeneko kapena amalipiritsa mwapadera, choncho ena amangonama kuti akupita kunyanja ndi ana. Kulikonse kuli malo ake otero: misewu yoipa, mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, malire a dziko lina kumene inshulansi sigwira. Ena amabwereka kwa iwe n'kukabwereketsanso kwa anthu ena pa mtengo wokwera, kalavani yako n'kusanduka bizinesi ya munthu wina. Ena safuna ulendo n'komwe, akufuna pokhala, ndipo tsiku lobweza likafika amayamba nkhani za mawa. Mgwirizano wanga umanena zonsezi ndi mawu osazungulira: kumene galimoto singapite, amene angayendetse, kuti kubwereketsanso n'koletsedwa, ndi ola limene likadutsa popanda kulankhulana ndidzakanena kuti galimoto yabedwa.

Apa m'pamene kachipangizo kolondolera galimoto kamalowera. Anthu ambiri amathamangira AirTag, imene Apple inatulutsa mu 2021, chifukwa ndi yaing'ono komanso yosavuta. Koma AirTag inapangidwira makiyi otayika, osati akuba. Pofuna kuteteza anthu kwa owatsatira mobisa, iPhone imachenjeza mwini wake kuti pali AirTag yachilendo imene ikuyenda naye, mafoni a Android anayambanso kuchenjeza mu 2023, ndipo yokha imalira ikatalikirana ndi mwini wake kwa nthawi. Ndiye kathyali foni yake yomwe imamuuza kuti afufuze. Zipangizo za GPS zolowetsa pa soketi ya OBD, ija ili pansi pa chiwongolero pamene amakanika amalumikiza kompyuta yawo, ndi zabwino powerenga makilomita, koma wakuba aliyense amayambira pomwepo kuyang'ana, ndipo kuzula kwake n'kwa sekondi imodzi. Ine ndili ndi ziwiri. Ya pa OBD ndimaisiya dala kuti wofuna kuzula azule, akhutire. Inayo inalumikizidwa ku mawaya pamalo obisika, ili ndi batire lakelake, ndipo imandiuza galimoto ikadutsa malire amene ndinajambula pamapu kapena ikadulidwa magetsi. Alipo akuba okhala ndi zida zosokoneza GPS, sindikana, koma chizindikiro chikazima mwadzidzidzi pakati pa msewu waukulu, kuzimako ndi uthenga kale.

Sindibisa kuti zipangizozi zilimo. Zalembedwa mu mgwirizano ndipo ndimanena pakamwa. M'mayiko ambiri kulondola munthu mobisa ndi mlandu, komanso cholinga changa si kugwira wakuba, n'choti asankhe galimoto ina. Sindinena kuti zili pati. Kamera mkati ndiye ayi, ngakhale pang'ono. Mmenemo anthu amagona, amavula, amakangana ndi kugwirizananso. Ndipo sindikhala pafoni n'kumayang'ana kumene aima kuti adye. Ndinayesapo mlungu woyamba, ndinadzimva ngati mfiti.

Mapepala a umwini sakhala m'galimoto. Kale ndinkawasiya m'kabokosi ka kutsogolo poganiza kuti ndikuthandiza wobwereka akakumana ndi apolisi, osadziwa kuti ndikupatsa wakuba chikalata chogulitsira. Tsopano mumakhala zokhazo zimene lamulo limafuna kuti woyendetsa akhale nazo, ndi kalata yosonyeza kuti galimoto ili pa hayala mpaka tsiku lakuti. Nambala ya chasisi, imene amaitcha VIN, ndinaisunga pamalo atatu. Kuyambira 1981 nambala imeneyi imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O kapena Q kuti zisasokonezeke ndi 1 ndi 0. Makalavani ambiri amakhalanso ndi nambala yachiwiri ya kampani imene inamanga nyumbayo pamwamba pa chasisi. Imeneyonso ilembeni, chifukwa wosintha nambala nthawi zina amaiwala yachiwiriyi. Pa zithunzi zotsatsira malonda nambala ya galimoto ndimaiphimba, ndipo sindijambulira pakhomo pamene nyumba ingadziwike.

Phunziro la zithunzili ndinaliphunzira mochedwa. Tsiku lina masana foni inalira, bambo wina akulankhula mokwiya kuti ali pamalo amene tinagwirizana, ana atopa, ndili kuti ndi galimoto? Ine sindinkamudziwa. Titamvetsetsana, zinapezeka kuti munthu wina anakopera zithunzi za kalavani yathu, ndi mawu anga omwe ofotokoza za bedi ndi filiji, n'kuziika pa tsamba lina la malonda pa theka la mtengo. Anatenga chikole kwa banjali pa njira yosabwezeka, n'kuzima foni. Bamboyo anandipeza chifukwa mwana wake anafufuza chithunzicho pa intaneti n'kupeza tsamba langa lenileni. Palibe chimene ndinataya ine, koma mawu a bamboyo atasiya kukalipa n'kuyamba kupepesa, ana akumveka kumbuyo akufunsa ngati ulendo ulipobe, anandikhala pamtima masiku ambiri. Ndinakanena kuti tsambalo lichotsedwe, linachotsedwa, ndipo patapita mwezi linatulukiranso ndi dzina lina. Tsopano pa chithunzi chilichonse ndimalembapo mawu osafufutika pakati penipeni, osati pakona pamene angadule, ndipo mwezi uliwonse ndimaika zithunzi zanga pa Google kuti ndione kumene zikuyenda.

Mwina wina akuwerenga akuti, nanga bwanji osangosiya? Mayi a kunyumba anafunsapo funso lomwelo usiku wa mabatire uja, tili mumdima. Yankho n'lakuti anthu ambiri amene atengapo kalavani yathu ndi abwino kuposa mmene nkhaniyi ikumvekera. Ena amaibweza yoyera kuposa mmene anaitengera. Wina anathyola kapu n'kugula ina, n'kusiya kakalata kopepesa. Wina anandiimbira ali kutali kudziulula kuti wakhula galasi lam'mbali, mawu akunjenjemera ngati wagunda munthu. Vuto n'lakuti pakhomo, pa ola loyambalo, wabwino ndi woipa amamwetulira mofanana, ndipo woipayo nthawi zambiri ndiye amamwetulira bwino. Choncho ndinasiya kuweruza nkhope. Aliyense amadutsa pa njira imodzimodzi, wa suti ndi wa kabudula, wachikulire ndi wachinyamata, ndipo chifukwa ndi aliyense, palibe amene angati ndamunyoza.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wachikulire ndi mdzukulu wake. Ndinayamba mwambo wanga, laisensi, chiphaso, khadi, ndikupepesa monga mwa nthawi zonse kuti ndimatero ndi aliyense. Anandipatsa zonse osadandaula. Nditamaliza anatsegula chikwama chawo, anatulutsa magalasi ndi kapepala, n'kunena kuti, "Tsopano inunso, bambo. Chiphaso chanu, ndi mapepala osonyeza kuti galimotoyi ndi yanudi. Chaka chatha ndinalipira kalavani imene kunalibe."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga mapepala. Tinaima awiri kutsogolo kwa galimoto, iwo atawerama pa galasi pamene pali nambala ya chasisi akuwerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi, ine ndikutsatira ndi chala papepala, mdzukulu akujambula vidiyo. Pa chilembo cha 11 anaima, anapukuta magalasi, anawerenganso. Chinali cholondola. Anapinda kapepala kawo, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi.